Botolo la TRESemmé lalowa mu saluni mwanga, kodi tinakhululuka liti?

Nachisale_waku_Yeoville:
Anzanga, ndiloleni nditulutse zakukhosi. Ndili ndi kasaluni kuno ku Joni, ndipo ndimagwira ndi mwana wa achemwali anga amene anabwera chaka chatha kuchokera ku Dedza. Loweruka shampu anatithera makasitomala atakhala kale pa benchi, ndiye ndinamupatsa ndalama kuti athamange. Pobwera wanyamula mabotolo awiri a TRESemmé, uku akumwetulira kuti wapeza otsika mtengo. Ndinamuuza kuti chinthu chimenecho muno sichilowa chiyambire 2020. Mwana kundiyang'ana ngati ndazungulira mutu, amvekere, "Anti, shampu analakwa chiyani?"

Ndinasowa poyambira. Kwa amene munaiwala kapena simunamve: mu Seputembala 2020 pa webusaiti ya Clicks, kampani ya mashopu a mankhwala ndi zodzola kuno ku South Africa, panatuluka zithunzi zotsatsa TRESemmé. Tsitsi la amayi awiri akuda analilemba kuti lina ndi louma komanso lowonongeka, lina lonyankhalala komanso losawala. Pansi pa tsitsi la mzungu analembapo mawu amodzi, "normal", ngati kunena kuti tsitsi la munthu limayenera kukhala limenelo. Ine tsiku limenelo ndinatenga mabotolo atatu amene ndinali nawo n'kukhuthulira m'sinki, ndalama zanga zomwe, thovu kuchita kusefukira mpaka pansi.

Lero mabotolo ali mbwee m'mashopu, anthu akugula ngati palibe chinachitika. Kodi ndatsala ndekha? Tinakhululuka liti, ndipo anatifunsa ndani?

MwanaWaAlenje:
Achemwali, sitinakhululuke, tinangoiwala. Ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Ntcheu_Boy:
Kkkkk zaka zonsezi mukadali pa sitalaka ya munthu mmodzi? Kampaniyo ikudziwa n'komwe kuti ku Yeoville kuli Nachisale?

Nachisale_waku_Yeoville:
@Ntcheu_Boy achimwene, inu mumameta mpala sabata iliyonse, nkhani ya tsitsi muisiye kaye.

Wowerengera_Midrand:
Ndiike kaye zinthu m'malo mwake, chifukwa ena akulankhula ngati kunyanyala kuja sikunaphule kanthu. Zithunzi zinafala Lachisanu pa 4 Seputembala. Mkulu wa Clicks nthawi imeneyo, Vikesh Ramsunder, anapepesa. Chipani cha EFF cha Julius Malema chinakana kupepesako n'kulengeza kuti kuyambira Lolemba pa 7 mashopu a Clicks asatsegulidwe sabata yonse. Mashopu mazanamazana anatsekedwadi, ena anaphwanyidwa, ndipo ku Emalahleni shopu ina anaiponyera bomba la petulo. Khothi ku Johannesburg linaletsa chipanicho kuopseza antchito ndi ogula. Lachitatu pa 9 Clicks inatseka yokha mashopu ake onse kuti ikambirane ndi antchito ake.

Zotsatira zake: bwana mmodzi wamkulu anatula pansi udindo, antchito amene anakhudzidwa ndi chotsatsacho anaimitsidwa, Clicks inachotsa TRESemmé pa mashelefu ake, ndipo Pick n Pay, Woolworths ndi Shoprite nawo anachita chimodzimodzi. Unilever, mwini wake wa TRESemmé, inagwirizana ndi EFF kuti katunduyo asapezeke m'mashopu masiku 10, komanso kuti ipereke mapadi osachepera 10,000 kwa amayi a m'madera osauka. Clicks inalonjeza 50,000. Zonsezi m'sabata imodzi. Ndiye kunena kuti kampani sinamve kuwawa si zoona.

Nachisale_waku_Yeoville:
Masiku 10. Mwamva nokha. Kutukwanidwa kwa mtundu wonse wa amayi mtengo wake masiku 10 ndi mapadi.

Mlonda_wa_Usiku:
Ine ndili ndi mbali ina ya nkhaniyi, mundikhululukire amayi. Sabata imeneyo ndinali mlonda pa mall ina chakum'mawa kwa Joni. Lolemba cha m'ma 9 koloko kunafika gulu likuimba, ena atanyamula zikwangwani. Atsikana a pa tilu anatsitsa chitseko chachitsulo n'kukabisala kumbuyo kosungira katundu, mmodzi ali ndi pakati potopa, akunjenjemera. Onsewo akuda, ena oluka, ena a mawigi. Panja panali agogo ena atanyamula kapepala ka mankhwala a shuga, anakhala pa benchi mpaka masana akudikira kuti mwina atsegula. Kumbukirani inali nthawi ya Covid, kuchipatala cha boma anthu ankaopa kupitako. Ife alonda kampani yathu inatiuza kuti tikhale kunyumba masiku awiri, ndipo pa mapeto a mwezi masiku awiriwo anatidula. Amene anajambula chithunzi chija sanafikepo pa mall. Anali mu ofesi yozizira akumwa khofi. Ndiye mukati kunyanyala, ine ndimaona nkhope ya mtsikana wapakati uja.

MwanaWaAlenje:
@Mlonda_wa_Usiku bambo, pepani ndi za malipirozo, koma musasakanize. Kuphwanya shopu ndi china, kusunga ndalama yako m'thumba ndi china. Nachisale sanagende munthu. Anangosiya kugula.

Mlonda_wa_Usiku:
Zoona. Koma kukanakhala kusiya kugula kokha, mukuganiza kuti mabwana akanathamanga chonchija?

Ntcheu_Boy:
Apa madala afunsa funso.

Nabanda_Leeds:
Funsolo ndi lowawa chifukwa yankho lake tikulidziwa. Mu 2017 Dove inatulutsa kakanema pa Facebook koonetsa mayi wakuda akuvula malaya n'kusanduka mzungu. Anthu anakalipa pa intaneti, kampani inapepesa, sopo n'kumagulidwabe. Mwini wa Dove ndi Unilever yemweyo. Patangotha zaka zitatu ndi izi za TRESemmé. Ndiye kalata ya pepani amailemba bwino, koma m'chipinda chimene amavomerezera zithunzi simusintha kanthu. Chithunzi sichidumpha chokha kuchoka pa kompyuta kupita pa webusaiti. Pali wojambula, wolemba mawu, woyang'anira malonda, wovomereza ku kampani yopanga, wovomereza ku shopu. Anthu onsewo anaona mawu oti "normal" pansi pa tsitsi la mzungu, palibe amene khungu linamuyabwa.

Wowerengera_Midrand:
@Nabanda_Leeds pamenepa pali chinthu chimene ambiri sakonda kumva. Malinga ndi zimene Clicks inanena nthawi imeneyo, m'gulu limene linkayang'anira zotsatsa za pa intaneti munalinso anthu akuda. Ndiye vuto si kusowa nkhope yakuda m'chipinda kokha. Ine ndimagwira ntchito mu ofesi ya zowerengera ndalama, ndakhalapo m'misonkhano momwe wakuda ndinali ndekha. Umaona chinthu chopindika, koma umawerengera lendi, fizi ya ana, pepala lako lokhalira m'dziko la eni limene likutha mu Disembala. Umangoti "chili bwino bwana". Kukhala pa tebulo ndi china, kukhala ndi mphamvu yonena kuti ichi sichituluka ndi china.

Ndipo mphamvuyo ku South Africa ikadali m'manja mwa ochepa. Malipoti a Commission for Employment Equity, bungwe loona za chilungamo polemba anthu ntchito, chaka ndi chaka amaonetsa kuti azungu ali ndi maudindo oposa 60 pa 100 alionse a pamwamba penipeni m'makampani, pomwe m'dziko lonse sakwana 10 pa 100 alionse. Amayi akuda, amene amagula kwambiri mankhwala a tsitsi, ndi ochepa kwambiri pamwambapo.

Nachisale_waku_Yeoville:
Ndiye ndi zimene ndikunenazo. Ndalama yathu amaifuna, mutu wathu saufuna.

AgogoAMapasa:
Ana inu, mukamati azungu anatukwana tsitsi lathu, mudzifunsenso kuti mawuwo anawamva kwa ndani. Ine ndinakulira ku Ndirande. Khirisimasi ikayandikira amayi ankaika chipeso chachitsulo pa mbaula, kutipaka Vaseline, n'kuyamba kuwongola. Ukamva kuti tsiii, fungo la tsitsi lopserera nyumba yonse, khutu ukuligwira ndi dzanja kuti lisapse. Ndili ndi chipsera kuseri kwa khutu lakumanzere mpaka lero. Ndipo amayi ankati chiyani? "Khala bwino tikukonze, tsitsi lako loipali." Loipa. Sanali mzungu, anali mayi wondibereka. Kenako kunabwera mankhwala a m'chitini, unkakhala nawo m'mutu mpaka misozi, wa pa saluni akukuuza kuti pirira pang'ono agwire. Ndiye chimene chinatipweteka pa chithunzi chija n'chakuti mlendo ananena pagulu zimene ife timanong'onezana m'nyumba.

Nabanda_Leeds:
Agogo mwandikumbutsa kutali. Ife kwathu kunalibe chipeso chachitsulo, ankatenthetsa phale.

Ntcheu_Boy:
Phale?? Kkkkk amayi inu munavutika. Ife anyamata zathu zinali sizasi ya ahedi basi, kukudula mzere pakati pa mutu pa asembule kuti ukamalize wekha kunyumba.

Mphunzitsi_Zomba:
Za sizasizo musaseke, ndi nkhani yomweyi. Ine ndaphunzitsa zaka zambiri, ndipo ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti mwana wosameta ndi wamwano. Sindinadzifunsepo kuti lamulolo linachokera kuti. Ana a chi Rasta anakhala zaka akubwezedwa pa geti chifukwa cha madiredi, mpaka mu Meyi 2023 pamene Justice Zione Ntaba ku High Court ya kuno ku Zomba anagamula kuti sukulu za boma ziziwalandira. 2023, anzanga. Ndiye tikamaloza chala ku Cape Town kumene kuli likulu la Clicks, tizikumbukira kuti ifenso kuno tinafunika woweruza kuti atiuze zoti tsitsi silimalowa m'kalasi kukalemba mayeso.

MwanaWaAlenje:
Aphunzitsi mwanena zoona, koma ku South Africa bala lake ndi lakuya kuposa lathu. Nthawi ya tsankho la apartheid ankalowetsa pensulo m'tsitsi la munthu. Ikagwa, ukhoza kulembedwa mtundu wina, ikakakamira, ndiwe wina. Pensulo imeneyo inkatha kusiyanitsa ana a mimba imodzi, wina sukulu iyi, wina dera lokhala ilo. Ndipo si zakale zokha. Mu 2016 atsikana a pa Pretoria High School for Girls anachita zionetsero chifukwa ankauzidwa kuti awongole tsitsi, Zulaikha Patel ali ndi zaka 13 zokha ataima kutsogolo ndi afulo yake. Kenako mu Disembala 2019 Zozibini Tunzi n'kupambana Miss Universe ndi tsitsi lake lalifupi lachilengedwe, dziko lonse kuvina. Miyezi isanu ndi inayi yokha, wina n'kulemba kuti tsitsi lotero ndi lowonongeka. Mumayembekezera kuti anthu aseke?

Dalaivala_wa_Beitbridge:
Pepani kudula nkhani. Alipo amene ali ndi katundu wopita ku Lilongwe sabata ino? Ndinyamuka Lachinayi, malo alipo.

Admin_Gulu:
@Dalaivala_wa_Beitbridge achimwene, malonda ndi Lachisanu. Ndakuuzani kangati?

Wabizinesi_Limbe:
Ndibwerere kwa mwini nkhani. Mayi Nachisale, ndikufunseni mwaulemu. Mutataya TRESemmé munayamba kugwiritsa ntchito chiyani?

Nachisale_waku_Yeoville:
Kwambiri Dark and Lovely, ndi zina zimene makasitomala amabwera nazo okha.

Wabizinesi_Limbe:
Ndimadziwa. Dark and Lovely mwini wake ndi L'Oréal ya ku France. Meshi ya Darling imene mumalukira ndi ya Godrej ya ku India. Vaseline amene agogo anatchula uja ndi wa Unilever, pamodzi ndi Sunlight, Omo ndi Lifebuoy. Ndiye munatulutsa Unilever pa khomo, inalowera pa windo. Ngakhale zimene zinayambitsidwa ndi akuda, zikangokula zimagulidwa. SheaMoisture inayambitsidwa ndi Richelieu Dennis wochokera ku Liberia. Mu Epulo 2017 amayi akuda a ku America anaikwiyira chifukwa cha kanema wotsatsa amene anadzaza azungu, pomwe amene anaikweza ndi ndalama zawo anali iwowo. Chaka chisanathe, Unilever inagula kampani yonse. Mielle nayo inagulidwa ndi Procter & Gamble mu 2023. Ine ndimaoda katunduyu, ndimawerenga timalemba tating'ono ta kuseri kwa botolo. Mayina pa shelefu ndi ambiri, eni ake mukhoza kuwawerenga ndi zala za dzanja limodzi.

Nachisale_waku_Yeoville:
Ndiye mukuti ndingogonja? Poti mbava ndi zambiri ndisiye kutseka chitseko?

Wabizinesi_Limbe:
Ayi mayi. Ndikuti mukatseka chitseko, muonenso amene mukumutsegulira. Kumeneko kuli Native Child ya Sonto Pooe, kuli AfroBotanics ya Ntombenhle Khathwane, amayi akuda a konko. Kukana kugula kumatha anthu akatopa, koma kusamutsa ndalama kumakhalitsa.

Nabanda_Leeds:
Pamenepo ndikugwirizana nanu theka. Nduna yoona za mabizinesi ang'onoang'ono nthawi ija, Khumbudzo Ntshavheni, ananenanso zomwezo, kuti malo amene TRESemmé wachoka alowe katundu wa anthu a m'dzikomo, ndipo Clicks inalonjeza kutero. Koma tisanamizane, kampani yaing'ono kuti ikwanitse kudzaza mashopu mazanamazana imafuna ndalama zambiri, ndipo amene ali ndi ndalamazo ndi akuluakulu omwe aja. N'chifukwa chake amagulitsa. Herman Mashaba anayamba Black Like Me mu 1985 akugulitsa yekha m'masaluni a m'makomboni, mu 1997 anagulitsa gawo lalikulu kwa Colgate-Palmolive, patapita zaka ziwiri n'kuigulanso. Si onse amene amatha kubwerera chonchi. Ine sindingamunene mayi amene wavutika zaka khumi akusakaniza mafuta m'khitchini kuti wagulitsa mtundu akalandira cheke chake.

MwanaWaAlenje:
Ine ndingamunene. Potsatsa ankati "gulani kwa mnzanu wakuda". Pogulitsa kampani sanatiitane.

Ntcheu_Boy:
Mumafuna akugawireni masheya chifukwa munagula kabotolo kamodzi? Kkkk

Mphunzitsi_Zomba:
Tisanawaseke a ku Joni, ife kwathu kuno kunyanyala timakutha? Mu Epulo 2015, abale athu akuphedwa ndi kuthamangitsidwa ku Durban, a John Kapito a bungwe la CAMA anamema anthu kuti tisagule m'mashopu a ku South Africa. Lachisanu lija mashopu ena anatsekadi. Sabata yotsatira ndinakumana ndi mnzanga amene ankakuwa kwambiri pa nkhaniyi akukankha ngolo yodzaza, atandiona anayamba kuwerenga mtengo wa shuga ngati sakundidziwa. Ndipo pamenepo panali potaya miyoyo, osati tsitsi.

AgogoAMapasa:
Aphunzitsi, musamuweruze kwambiri mnzanuyo. Wosauka amanyanyala ndi mimba yake. Mwana wa Nachisale anagula chifukwa chinali chotsika mtengo, ndipo anaganiza kuti akupulumutsa ndalama za anti ake.

Wowerengera_Midrand:
Pa za utsogoleri ndionjezere ziwiri, aliyense aziweruze yekha. Mwezi womwewo wa Seputembala 2020, Nonkululeko Gobodo, mayi wakuda woyamba ku South Africa kukhala chartered accountant, anachoka mu bodi ya Clicks. Ndipo mu Januwale 2022 Bertina Engelbrecht anakhala mkulu wa kampani yonse, mayi woyamba wosakhala mzungu kutsogolera kampani ya mashopu imene ili pa msika wa masheya wa Johannesburg. Ena amati ndi chipatso cha zionetsero. Ine ndimakayika, chifukwa mayiyu anali kale m'gulu la akuluakulu a kampaniyo kwa zaka zambiri, ndipo kunena kuti anamukweza chifukwa cha phokoso ndi kumuchepetsa. Koma ndikudziwanso kuti kuyambira sabata ija, m'maofesi ambiri kuno chithunzi cha mayi wakuda sichituluka osadutsa m'manja angapo. Kaya ndi ulemu kaya ndi mantha, pa ine zonse ndalandira.

Nabanda_Leeds:
Mantha ndi amene ndimawakhulupirira kwambiri. Ulemu wa kampani umatha bwana akasintha.

Mlonda_wa_Usiku:
Mantha amenewo anagulidwa ndi masiku anga awiri. Palibe vuto, ndinapereka chopereka.

MwanaWaAlenje:
@Mlonda_wa_Usiku kkkkk bambo, mapadi 50,000 aja sanakugawireniko?

Mlonda_wa_Usiku:
Ngakhale limodzi loti ndikapatse akazi anga.

Namaseko_Chipata:
Ndakhala ndikungowerenga. Ine changa n'chimodzi. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 7. Tsiku lina ndikumupesa anandifunsa kuti tsitsi lake lidzayamba liti kugwa pansi ngati la pa botolo. Botolo lake silinali la kampani imene mukuikambayi, linali lina, ndipo panalibe mawu onyoza. Panali chabe mayi woyera khungu ndi tsitsi lofika m'chiuno. Palibe amene angachite zionetsero chifukwa cha botolo limenelo, koma ndi limene mwana wanga amaliona m'bafa m'mawa uliwonse. Ndinang'amba pepalalo, ndipo tsopano ndimamupaka mafuta a nsatsi amene apongozi anga amayenga okha kumudzi. Amanunkha utsi, mwana amadandaula, koma tsitsi lafewa ndipo chipeso chikudutsa.

AgogoAMapasa:
Nsatsi ndiye mankhwala. Muzisakaniza ndi a malambe pang'ono fungo limachepa. Ndipo muzipesa lili lonyowa, kuyambira kunsonga, osati kumizu ngati mukulima.

Wabizinesi_Limbe:
@Namaseko_Chipata apongoziwo amayenga ochuluka bwanji pa mwezi? Ndikufunsa zenizeni.

Admin_Gulu:
@Wabizinesi_Limbe Lachisanu.

Ntcheu_Boy:
Koma sitinamve mathero. Mabotolo awiri aja ali kuti, achemwali? Munakhuthuliranso m'sinki?

Nachisale_waku_Yeoville:
Ayi, nthawi ino ndalama sizikulola. Ndinamukhazika mwanayo pa mpando wa makasitomala titatseka, n'kumuonetsa zithunzi zija pa foni. Anaziyang'ana nthawi yaitali, kenako anadzigwira m'mutu, iye ali ndi tsitsi ngati la mayi wa pa chithunzi choyamba uja. Sanayankhe kanthu. Lolemba anabwerera ku shopu kukabweza, koma lisiti anali atataya, ndiye anakana kulandira. Panopa mabotolo ali pansi pa sinki, tikuchapira mataulo ndi zipeso. Pa mutu wa munthu ayi.

@Wabizinesi_Limbe mayina a amayi awiri aja ndawalemba. Ndikaona mitengo kaye, chifukwa makasitomala anga ambiri ndi ogwira ntchito m'nyumba za anthu, ndikakweza ndi 20 randi amawoloka msewu kupita kwa Mkongo.

MwanaWaAlenje:
Mataulo a ku Yeoville tsopano akhala "normal".

Nachisale_waku_Yeoville:
Kkkkk choka iwe. @Namaseko_Chipata ndilembereni kumbali, ndikufuna malita awiri a nsatsi. Dalaivala uja akuti abwerera liti?